Kiyi wamkulu wa kompyuta za kusukulu ali ndi ndani?

Sukulu ikalandira makompyuta, maganizo athu amathamangira ku mbava. Timafunsa ngati mazenera ali ndi zitsulo, ngati citseko cili ndi loko, ngati mlonda amagona pamalopo. Mafunso amenewa ndi abwino ndithu. Koma pali kuba kwina kumene loko wa pacitseko sangakuletse. M'mawa kompyuta mumaipeza ili pa tebulo pake pomwepo, waya aliyense ali m'malo mwake, koma zamkati zasintha. Mamakisi a mwana wanu asinthidwa. Mafunso a mayeso a sabata ya mawa atuluka kale. Kapena kompyuta yangokana kutseguka, ndipo palibe amene akudziwa cifukwa cake.

Nkhaniyi ndalembera inu makolo, makamaka amene muli mu komiti ya sukulu, imene m'Cipwitikizi timati Conselho de Escola. Kaya sukulu yanu ili ku Tsangano pa boma kapena ku Ntengo-wa-Mbalame, kaya ili ku Furancungo kapena ku Chidzolomondo, ngati ili ndi kompyuta ngakhale imodzi yokha ya mu ofesi, nkhaniyi ikukukhudzani. Musanene kuti "ine za makompyuta sindizidziwa." Zambiri zimene ndifotokoze pano ndi nkhani ya makiyi, ndipo za makiyi mumazidziwa kale.

Administrador ndi ndani?

Ganizirani nyumba yaikulu ya zipinda zambiri. Aliyense wokhalamo ali ndi cipinda cake ndi kiyi wake. Koma mwini nyumba ali ndi kiyi wina wotsegula zipinda zonse. Akhoza kulowa paliponse, akhoza kusintha maloko, akhoza kutulutsa munthu, akhozanso kulowetsa mlendo.

Kompyuta imene anthu ambiri amagwiritsa nchito imakhalanso conco. Munthu aliyense akhoza kukhala ndi khomo lake lolowera. Khomo limeneli timati akaunti, ndipo pa kompyuta ya Cipwitikizi muona mawu akuti conta. Kiyi wake ndi mawu acinsinsi. Ambiri kuno timati senha, ndipo makompyuta ena amalemba kuti palavra-passe. Ndi cinthu cimodzimodzi ndi PIN ya M-Pesa kapena ya e-Mola imene mumasunga m'mutu.

Maakaunti alipo a mitundu iwiri. Wina ndi wa munthu wamba, amene pa Windows amalembedwa kuti utilizador padrão. Ameneyu amalemba, amawerenga, amasunga nchito yake, basi. Wina ndi wa Administrador. Uyu ndiye kiyi wamkulu uja. Amene walowa ngati Administrador akhoza kuika pulogalamu yatsopano ndi kucotsa yakale. Akhoza kutsegula zolemba za anthu ena. Akhoza kusintha senha ya mnzake, mnzakeyo n'kutsekeredwa kunja. Akhoza kuzimitsa pulogalamu yoteteza ku mavayirasi. Akhozanso kufufuta zizindikiro zosonyeza zimene wacita, ngati munthu wosesa mapazi ake pa fumbi.

Tsopano taganizani zimene zimakhala mu kompyuta ya sukulu. Muli pauta, ndiye kuti mndandanda wa mamakisi. Muli mafunso a mayeso amene aphunzitsi akukonza. Muli maina a ana, masiku awo obadwa, maina a makolo, nthawi zina manambala a mafoni ndi zithunzi. Munthu amene ali ndi kiyi wamkulu, zonsezi zili m'manja mwake.

Mphamvu imeneyi ndi yaikulu moti ngakhale amene anapatsidwa mwalamulo akhoza kuigwiritsa nchito molakwa. Mu 2010 ku America, m'dera la Lower Merion pafupi ndi mzinda wa Philadelphia, kunabuka mlandu. Masukulu a kumeneko anapatsa ana makompyuta a m'manja kuti azipita nawo kunyumba. Oyang'anira makompyutawo anali ataikamo pulogalamu yoyatsa kamera ali kutali. Iwo ankati ndi njira yopezera kompyuta zotayika kapena zobedwa. Koma makamerawo anajambula zithunzi zoposa 50,000, zina za ana ali m'nyumba zawo, ena ali m'tulo. Ana ndi makolo sankadziwa. Mlandu unatha masukuluwo atavomera kulipira madola 610,000. Palibe mbava imene inathyola citseko kumeneko. Anali anthu a kiyi, koma panalibe wowafunsa kuti kiyiyo akucita naye ciyani.

Mmene kiyi amapulumukira

Njira yoyamba ndi yosavuta kwambiri moti imacititsa manyazi. Kompyuta ya Windows ikamakonzedwa koyamba, akaunti yoyamba imene yapangidwa imakhala ya Administrador. Wokonza uja akakhala pa cangu, amasiya akaunti imodzi yokhayo, mwina popanda senha n'komwe. Ndiye mwana aliyense amene wayatsa kompyuta amalowa ngati mwini nyumba. Iye sadziwa, mphunzitsi sadziwanso. Mwana akabwera ndi fulashi ya nyimbo imene ili ndi vayirasi, vayirasiyo imapeza zitseko zonse zili pululu. Pulogalamu iliyonse imayenda ndi mphamvu za munthu amene waitsegula. Akaitsegula munthu wamba, imaononga pang'ono. Akaitsegula Administrador, ikhoza kuononga kompyuta yonse.

Njira yaciwiri ndi senha imene yasanduka nyimbo ya aliyense. Ena amaika 1234. Ena amaika dzina la sukulu ndi caka. Ena amalemba pa kapepala n'kumata pansi pa kiyibodi, ngati mmene timabisira kiyi pansi pa mwala pakhomo, pamene wakuba aliyense amayambira kuyang'ana. Mphunzitsi akatanganidwa amauza mwana mmodzi wokhulupirika kuti "talowetsa iwe." Mwanayo amauza mnzake mmodzi. Ikamatha sabata, kalasi yonse ikuidziwa.

Palinso munthu wokonza makompyuta. Kompyuta ikaonongeka imapita ku Ulongue kapena ku Tete, mwinanso kudumpha malire kupita ku Malawi pakuti kwa anthu a ku Tsangano n'kufupi. Wokonzayo amafuna senha ya Administrador kuti agwire nchito yake, ndipo palibe colakwa pamenepo. Colakwa ndi cakuti kompyuta ikabwerako, senha imakhala yomwe ija. Cimodzimodzi mphunzitsi akasamutsidwa kupita ku sukulu ina. Makiyi a ofesi amabweza, koma senha amapita nayo m'mutu. Nthawi zina ndi iye yekha amene ankaidziwa, ndiye makompyuta amakhala miyezi ali ofundidwa nsalu, ana akungowaonera pa zenera.

Ndipo musawapeputse ana. Mu 2013 masukulu a mzinda wa Los Angeles anayamba kugawira ana ma iPad otsekedwa kuti aziphunzirira basi. Pasanathe masiku ambiri, ana mazana anali atapeza njira yocotsera cotsekaco n'kumalowa pa Facebook ndi pa YouTube. Sanali akatswiri ayi. Mmodzi anapeza njira, anzake anaonera. Mwana wa ku Macanga amene amatsegula foni yakufa ya bambo ake n'kuiukitsa sasiyana ndi ana amenewo.

Kuyesa kumene inu mungacite

Pali kuyesa kumodzi kumene sikufuna sukulu yambiri. Pa tsiku la msonkhano wa komiti, pemphani kuti ayatse kompyuta imodzi monga mmene ana amayatsira masiku onse. Kenako pemphani mwana mmodzi kuti asinthe tsiku ndi nthawi ya pa kompyutapo. Onetsetsani zimene zicitike.

Ngati kompyuta yakana, kapena yatulutsa kabokosi kofunsa senha ya Administrador, zili bwino. Ana akulowera khomo la munthu wamba. Koma ngati tsiku lasintha popanda funso, kapena kabokosi kangofunsa kuti Sim kapena Não, mwana n'kudina Sim zinthu n'kutheka, dziwani kuti ana onse ali ndi kiyi wamkulu. Mukatha musaiwale kubwezeretsa tsiku lenileni.

Kukonza vuto limeneli sikufuna ndalama. Mphunzitsi woyang'anira makompyuta apange akaunti ya munthu wamba ya ana, ndipo ya Administrador aiike senha yolimba. Ndi nchito ya mphindi zowerengeka pa kompyuta iliyonse. Ngati makompyuta anu ali ndi Linux, monga Ubuntu, maina ake ndi ena koma mfundo ndi yomweyo: akaunti ya ana isakhale ndi mphamvu zoyang'anira.

Apa ndinene maganizo anga. Ngakhale mphunzitsi mwiniwake, ngakhale a Director, asamagwire nchito ya tsiku ndi tsiku ali pa akaunti ya Administrador. Ena zimawawawa, amaona ngati tawatsitsa udindo. Si conco. Munthu sapita kumunda atanyamula ndalama zonse za fodya m'thumba. Amatenga zimene akufuna tsiku limenelo. Kulemba pauta, kusindikiza kalata, kuwerenga uthenga, zonsezi zimatheka pa akaunti wamba yokhala ndi senha yakeyake. Kiyi wamkulu azituluka pokhapokha pakakhala pulogalamu yofunika kuika kapena cinthu cofunika kukonza. Ndipo mphunzitsi akamadzuka pa mpando, ngakhale kungopita panja kukayankha foni, adine pamodzi batani la cizindikiro ca Windows ndi cilembo L. Kompyuta imatsekeka pomwepo mpaka mwini wake abwere.

Nanga senha yolimba ndi yotani? Kutalika ndiye mphamvu yake. Sankhani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, muonjezere nambala. Mwacitsanzo: kacewere njinga mtambo sefa 47. Mawu otere savuta kuwakumbukira, koma ndi ovuta kuwalota. Amenewa musawagwiritse nchito, poti aliyense wowerenga nkhaniyi wawaona. Pezani anu. Mupewe dzina la sukulu, dzina la mwana wanu, ndi dzina la timu ya mpira imene aliyense amadziwa kuti mumaikonda.

Khomo la kuseri

Tsopano mverani bwino, cifukwa apa ndi pamene masukulu ambiri amagwa ngakhale senha yawo ili yolimba.

Kompyuta ikayatsidwa, Windows siyamba nthawi yomweyo. Pamayamba kaye kapulogalamu kakang'ono kamene kamakhala m'kati mwa makina enieniwo. Dzina lake ndi BIOS, ndipo pa makompyuta atsopano amati UEFI. Nchito yake ndi kudzutsa makina n'kuwauza kuti ayambire pati. Masiku onse amayambira pa disiki ya m'kati, pamene pali Windows. Koma munthu akadina batani lina kompyuta ikungoyaka, kawirikawiri F2, F10, F12 kapena Del malinga ndi mtundu wa kompyuta, akhoza kuiuza kuti iyambire pa fulashi imene iye wabwera nayo.

Zikatero, Windows imakhala ili m'tulo. Senha yanu yolimba ija sifunsidwa n'komwe, cifukwa mlonda woifunsa sanadzuke. Munthuyo akhoza kukopera zolemba zonse, akhozanso kucotsa senha ya Administrador. Zili ngati mwakhoma citseko ndi maloko atatu, wakuba n'kulowera ku denga. Okonza makompyuta amagwiritsa nchito njira imeneyi pothandiza anthu oiwala senha, ndipo si cinsinsi. Mwana wokhala ndi foni ndi megabayiti pang'ono akhoza kuiphunzira madzulo amodzi.

Kutseka khomo limeneli kumafuna zinthu ziwiri. Coyamba, mu BIOS aletse kuyambira pa fulashi ndi pa CD. Caciwiri, BIOS nayo aiike senha yake, kuti wina asabwezeretse zimene zaletsedwazo. Senha imeneyi ikhale yosiyana ndi ya Administrador.

Koma nkhani siinathe. M'kati mwa bokosi la kompyuta ya pa tebulo muli kabatire kozungulira, konga ndalama yacitsulo. Nambala yake kawirikawiri ndi CR2032. Ndi kamene kamathandiza kompyuta kukumbukira nthawi magetsi akazima. Mukaona kompyuta yakale ikuiwala tsiku nthawi zonse, ndiye kuti kabatire aka katha. Pa makompyuta ambiri, munthu akatsegula bokosi n'kucotsa kabatireka kwa kanthawi, BIOS imaiwala zimene inauzidwa, ndi senha yomwe. Ndiye cifukwa cake mabokosi ambiri ali ndi kacitsulo ka bowo kumbuyo kwake. Tayang'anani kuseri kwa kompyuta za kusukulu kwanu, mwina mukaona. Bowo limenelo ndi lokolowekamo loko wamng'ono, yemwe uja wa pa sutikesi. Apa ndiye komiti ingathandize popanda kudikira boma: maloko khumi a makompyuta khumi ndi ndalama yoti makolo angathe kusonkha.

Pa makompyuta a m'manja, malaputopu aja, zinthu ndi zosiyana. Ambiri saiwala senha ya BIOS ngakhale mucotse batire. Zimenezi ndi zabwino poteteza, koma mukaiwala senhayo mwadzitsekera nokha, ndipo kuitsegula n'kovuta kwambiri.

Palinso njira ina yamphamvu, yosokoneza zolemba zonse za pa disiki kuti munthu wopanda kiyi asathe kuziwerenga ngakhale ataba disikiyo. Pa Windows imeneyi ndi BitLocker, ndipo imapezeka pa mitundu ya Pro ndi Education. Imabwera ndi kiyi wopulumutsira wa manambala 48. Kiyi ameneyo akatayika pa nthawi ya vuto, zolemba zapita, palibe katswiri wa ku Tete kapena ku Maputo amene angazibweze. Ine ndimaona kuti pa makompyuta ophunzirira ana njirayi siifunika kwenikweni, bola pasasungidwe zacinsinsi. Koma pa kompyuta ya mu ofesi, imene ili ndi mamakisi ndi maina a ana, ndi yoyenera, malinga manambala 48 aja alembedwe bwino ndi kusungidwa. Ndipo mafunso a mayeso asalembedwe pa kompyuta imene ana amakhalapo. Zimenezi zokha zimatseka mabowo ambiri.

Za Windows yakale

Makompyuta ambiri ofika m'masukulu athu ndi a mphatso, anagwirapo kale nchito kwina. Kampani ya Microsoft inasiya kusoka zigamba za citetezo pa Windows XP mu Epulo 2014, pa Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo nthawi ya Windows 10 inatha mu Okutobala 2025. Bowo latsopano likapezeka pa Windows yakale, limakhala lotseguka, ndipo mabowo ena amapatsa vayirasi mphamvu za Administrador popanda senha. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inagwira makompyuta m'maiko oposa 150, inaimitsa nchito ngakhale m'zipatala za ku Britain. Cigamba cake cinali citatuluka kale mu Malici caka comweco, koma ambiri anali asanaike.

Ndikudziwa kuti kutsitsa zigamba kumadya megabayiti, ndipo sukulu zambiri zilibe ndalama imeneyo. Ngati ndi conco, kompyuta yakale imene ili ndi zolemba zofunika isalumikizidwe ku intaneti, ndipo isalandire fulashi ya munthu aliyense. Zolembazo zizikoperedwa pa fulashi ya sukulu imene imagona mu kabati yokhoma.

Inunso mukakhala pa kompyuta ya sukulu, mwina pa maphunziro a akuluakulu, kumbukirani kuti si yanu. Ikakufunsani ngati mukufuna kuti isunge senha yanu ya Facebook, kanani. Mukatha, tulukani podina Sair kapena Terminar sessão, osangotseka zenera. PIN ya ndalama za pa foni musailembe pamenepo ngakhale pang'ono. Pali mapulogalamu amene amalemba mobisa batani lililonse limene munthu wadina, ndipo amene ali ndi kiyi wamkulu akhoza kuwaika.

Nanga mwana akagwidwa atathyola? Malamulo a milandu a dziko lathu, Código Penal ya 2019, amaletsa kulowa mu kompyuta ya eni popanda cilolezo, ndipo ana ayenera kuuzidwa zimenezi poyera. Amene wasintha mamakisi kapena kugulitsa mayeso walakwira anzake onse, alandire cilango ca sukulu. Koma amene anangofuna kuona ngati zingatheke, ine ndingamufunse kuti atisonyeze bowo limene analowera, tilitseke iye akuona. Kenako apatsidwe nchito yothandiza anzake m'cipinda ca makompyuta. Nchito apatsidwe, kiyi wamkulu ayi.

Envulopu

Funso lomaliza ndi la anthu: senha zimenezi azisunga ndani? Akazidziwa munthu mmodzi yekha, sukulu ili pa ngozi tsiku limene iye wadwala, wasamutsidwa kapena wamwalira. Akazidziwa anthu khumi, palibenso cinsinsi.

Njira imene ndimalangiza ndi iyi. Azidziwe anthu awiri, mphunzitsi woyang'anira makompyuta ndi mnzake mmodzi wosankhidwa ndi a Director. Senha ya Administrador, senha ya BIOS ndi manambala 48 aja, ngati alipo, zilembedwe pa pepala limodzi ndi zilembo zooneka bwino. Pepalalo liikidwe mu envulopu, imatidwe, ndipo a Director ndi wapampando wa Conselho de Escola asainire pa mzere womatirapo, kuti wina akatsegula zidziwike. Wapampando safunika kuwerenga zamkati. Nchito yake ndi kuona pa msonkhano uliwonse kuti envulopu ilipo ndipo siinang'ambidwe. Makiyi a maloko a mabokosi aja akhale pamodzi ndi envulopuyo mu kabati ya ofesi.

Pambali pake pakhale kope. Envulopu ikatsegulidwa, mulembe tsiku, dzina la wotsegula ndi cifukwa cake. Kompyuta ikapita kokakonzedwa, mulembe tsiku lopita ndi tsiku lobwera. Tsiku limene yabwera, kapena tsiku limene mmodzi wa anthu awiri aja watsanzika pa sukulupo, senha zisinthidwe iye asanakwere galimoto, pepala lakale liotchedwe, ndipo latsopano lilowe mu envulopu yatsopano anthu awiri aja asainirenso.